Fodya Wosafuka Utsi

M'dambo la Elephant Marsh moto susungika. Machesi amene waika m'thumba madzulo, pofika pakati pa usiku amakhala atanyowa, kaya ndi mame, kaya ndi thukuta, kaya ndi madzi odontha mu ukonde. Ndudu nayo imafuna dzanja lake, pomwe manja onse awiri ali pa nkhafi. Tsono fodya woyenda bwino m'bwato ndi uja wopera, wothira chidulo, amene umangotsina pang'ono n'kuika kuseri kwa mlomo wam'munsi. Safuna moto, mphepo simuzimitsa, ndipo ukhoza kukhala naye m'kamwa uku ukupalasa, uku ukukambirana mtengo wa nsomba padoko, ngakhale uku ukuimba m'tchalitchi popanda mkulu wa mpingo kudziwa.

Fodya ameneyu ndinamudya kuyambira ndili mnyamata mpaka ndili ndi ana, kenako ndinamusiya. Anthu akamva zimenezi amathamangira kufunsa za masiku oyamba: mutu unkawawa bwanji, tulo tinkabwera kodi. Ndimawayankha, koma masiku amenewo ndi ochepa ndipo amatha. Chovuta chenicheni chimabwera pambuyo pake, thupi litaiwala kale koma malo ndi anthu asanaiwale.

Kwa amene sanafikeko, dambo ili lili m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Limadutsa kuseri kwa minda ya nzimbe ya ku Nchalo n'kukathera cha ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. David Livingstone atadutsa m'chaka cha 1859 anawerenga njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi, ndiye gwero la dzinali. Njovuzo zinatha kalekale, kunatsala mvuu, ng'ona ndi udzudzu. Mu 2017 damboli, lomwe ndi lalikulu mahekitala 61,556, linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa. Alendo odzaona mbalame amakwera bwato masana, n'kujambula maluwa a nyika ndi atsekwe, dzuwa likapendeka n'kubwerera. Ife tinalidziwa usiku. Ndipo munthu amene sanachezepo usiku wonse pamadzi, msana utauma, m'mimba muli mbee, sangamvetse chifukwa chake kabotolo kakang'ono ka fodya kamasungidwa mosamala kuposa ndalama.

Amene ankatipangira anali azakhali. Ankagula chingambwe pamsika wa Bangula, uja wopota ngati chingwe, wakuda bii. Ankamudula timapisi ndi mpeni, n'kumuika pa phale pamoto wa makala ochepa, uku akutembenuza ndi kamtengo kuti aume koma asapserere. Fungo lake linkayetsemulitsa ngakhale nkhuku. Akauma ankamupera pa kamwala kosalala kamene sankalola munthu kuperapo china chilichonse. Ndiye pomaliza ankadonthezamo chidulo, chomwechija chotcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, chimene amathira m'therere. Ankadontheza mowerenga, kusakaniza ndi chala, kulawa, kutsinzina, n'kunena kuti, "Tsopano wakalipa." Akapanda kukalipa ankati ndi fodya wa ana.

Azakhali sanapiteko kusukulu, koma pamenepa ankachita za sayansi ndithu. Chidulo chimasintha nikotini ya m'tsamba kuti izilowa msanga kudzera m'khungu la m'kamwa n'kufika m'magazi. Makampani aakulu opanga fodya wam'kamwa ku America ndi ku Sweden amachita zomwezo ndi soda wawo, ndipo ku Chitipa ndi ku Karonga ngirimbo amamukometsa mwa njira yofananayo. Kukalipa kumene azakhali ankafuna ndi kumene kumamangirira munthu.

Ine anandipatsa koyamba ngati mankhwala. Dzino linanditupitsa tsaya, chipatala chili kutsidya, madzi atadzaza. "Ika apa mwanangu, dzino ligona," anatero, n'kundiikira okha ndi chala. Dziko linazungulira, ndinasanza, koma dzino linagonadi. Mwa amene ndinakula nawo, ambiri anayambira pa dzino pomwepa. Enafe malume anatipitiriza m'bwato, poti mnyamata wosinza pa nkhafi ndi ngozi: mvuu siichenjeza kawiri.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri olalikira zosiya fodya. Iwo amayankhula ngati fodya ndi uchitsiru chabe, ngati munthu amangodzuka n'kusankha kudziwononga. Kudambo fodya ali ndi ntchito. Amathamangitsa tulo. Amagonetsa dzino. Koposa zonse amanamiza njala, poti nikotini imachepetsa chilakolako cha chakudya. M'zaka za chilala, monga 2016, amayi a ku Nsanje amalowa m'madzi a ng'ona kukazula nyika kuti ana adye. Mayi wotere akaika kafodya m'kamwa m'mawa kuti phala lochepalo lipite kwa ana, ine sindingamuimirire kutsogolo ndi chikwangwani. Amene akufuna kuti mayiyu asiye ayambe wavomereza kuti fodyayo akugwira ntchito imene ufa unayenera kugwira.

Komabe ntchitozo amazigwira pa ngongole, ndipo ngongole yake siioneka msanga chifukwa palibe utsi. Wosuta amatsokomola, aliyense n'kumva. Wodya fodya amangolavula. Kuchipatala akamufunsa kuti, "Kodi mumasuta?" amayankha kuti ayi, ndipo sananame. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 alionse ankasuta, ndipo ambiri mwa iwo anali abambo. Koma pa fodya wosasuta, wam'kamwa ndi wapamphuno, amayi ndiwo anali patsogolo. Ndiye kuti funso lija limadumpha agogo, azakhali ndi amayi athu, anthu amene amadwala mwakachetechete kale.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France, linagamula kuti fodya wosasuta amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kummero ndi ya kapamba. Mu fodyayu muli mankhwala osachepera 28 oyambitsa khansa. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Zoyambitsa zake ndi zingapo, koma fodya ndi mowa zili m'gulumo. Aliyense wa kumudzi anaonapo munthu amene anayamba kukanika kumeza nsima, kenako phala, kenako madzi. Ndipo si ife tokha: anthu oposa 300 miliyoni padziko lapansi amagwiritsa ntchito fodya wotere, ambiri a iwo ku India ndi ku Bangladesh, kumene khansa ya m'kamwa ndi nthenda ya tsiku ndi tsiku m'zipatala.

Ine chinanditembenuza ndi kabanga koyera kuseri kwa mlomo, pamalo penipeni pamene fodya ankagona. Sikankapweteka. Ndikakapala ndi chala sikankachoka. Nkhama nazo zinali zitatsika, mizu ya mano awiri ikuonekera. Adokotala a pachipatala china chaching'ono anandiunika ndi tochi, n'kufunsa mosazungulira kuti, "Bambo, apa ndi pamene mumaika fodya eti?" Anati mabanga otere ambiri sakhala khansa, koma ena amasanduka, ndipo palibe angadziwe ndi maso kuti ndi ati. Anati ndisiye, ndidzabwerenso adzaone ngati kazimiririka. Sanandikalipire, sanandiopseze. Ndikhulupirira akanandikalipira ndikanatuluka n'kukatsina wina pansi pa mtengo wa panja pomwepo.

Tsiku losiyira ndinalisankha ndi nzeru za alamu anga, amene anali atasiya kale ine ndisanaganizeko. Anati, "Alamu, musasiyire pamadzi. Dikirani nthawi ya kudimba." Ananena zoona. Madzi akaphwa anthu n'kutsikira kumadimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba, munthu umagwira ntchito masana, umadya pa nthawi yake, usiku umagona. Ntchito ziwiri za fodya, ya tulo ndi ya njala, zimakhala zachepa zokha. Dzino ndinakalichotsetsa ndisanayambe n'komwe. Kabotolo ndinakaponya pamoto, ndipo ndinauza mayi a kunyumba ndi ana kuti akandiona ndikuzungulira kwa azakhali andifunse chimene ndataya kumeneko.

Nikotini siikhalitsa m'magazi. Pakatha maola awiri theka lake limakhala litachoka, n'chifukwa chake wodya fodya amatsinanso pafupipafupi, ndipo amadzuka m'mawa dzanja lili kale m'thumba. Ukasiya, thupi limayamba kudandaula tsiku lomwelo. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiwo amawawitsa, kenako zimapepuka pang'onopang'ono m'masabata awiri kapena anayi. Kwa ine mutu unkalemera, khasu linkaoneka lopindika, mawu a aliyense ankandilasa. Koma chimene sindinayembekezere ndi lilime. Linkapita lokha kuseri kwa mlomo kukafufuza, kupeza palibe, kubwerera, n'kupitanso. Usiku wonse. M'kamwa munkadzaza malovu opanda cholavulira.

Chinandithandiza ndi malambe. Ndinkaika nthanga imodzi pamalo pomwe fodya ankakhala, n'kumayamwa ufa wake wowawasa mpaka itayera, kenako ina. Akatha malambe, masau ouma. Kudimba, nzimbe, poti kusenda ndi kutafuna kumatangwanitsa mano ndi manja omwe. Ndinazindikiranso kuti chilakolako sichikhala tsiku lonse monga ndinkaopera. Chimabwera ngati funde la boti la injini likadutsa pafupi: bwato limagwedezeka mphindi zingapo, ukangokhala pansi osachita phuma madzi amadekha okha. Kabanga kaja kanazimiririka. Nsomba inayamba kukoma mwatsopano, makamaka mlamba wowamba, ndipo ndinanenepa mpaka anthu padoko ankafunsa ngati ndalowa ntchito ya boma.

Kumayiko ena munthu wosiya fodya amapatsidwa chingamu kapena tizigamba tomata pakhungu tokhala ndi nikotini yoyeza, imene amachepetsa pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu. Bungwe la WHO linaika zimenezi pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009, ndipo mu 2021 linawonjezerapo mapiritsi a varenicline ndi bupropion. Ine ndinalibe chilichonse mwa izi, ndinali ndi malambe. Dziko lathu linavomereza pangano la WHO lolimbana ndi fodya mu Ogasiti 2023, patatha zaka 20 chikhazikitsire panganolo mu 2003. Gawo 14 la panganoli limalamula boma kuthandiza anthu ofuna kusiya. Tinachedwa chifukwa chodziwika: fodya ndiye amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja, ndipo misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa dziko lonse limatchera khutu. Kuchigwa kuno mbewu zathu ndi thonje, nzimbe, mapira ndi mawere. Za ku okushoni timangomva pa wailesi, ife gawo lathu ndi kumudya. Ndiye ngati fodya amamanga misewu, sikulakwa kupempha kuti amangenso kakhomo kamodzi pachipatala chilichonse kumene msodzi angagogode n'kunena kuti ndikufuna kusiya, ndithandizeni.

Tsono nkhani ya alamu anga aja, amene anandiphunzitsa kusiya. Iwo kwawo ndi ku Makhanga, dera limene madzi analimiza mu Januwale 2015, n'kubweranso ndi anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Zonse zoyambazo anazipirira opanda fodya. Freddy anawatengera bwato, maukonde ndi mbuzi, n'kuwasiya kumsasa wa anthu othawa madzi ku Bangula. Kumsasa kulibe chochita. Umadzuka, umaima pamzere, umakhala pansi pa mtengo, umamvera mphekesera za ufa umene ukubwera mawa. Tsiku lina mkulu wina anatulutsa kabotolo n'kukayendetsa. Alamu anati angotsina kamodzi kokha. Lero akudya kuposa kale.

Nditawafunsa sanadziikire kumbuyo. Anangoti, "Alamu, kumsasa kuja fodya ndi chinthu chokhacho chimene munthu ankatha kugawira mnzake." Mawu amenewa sandichoka. Munthu amene wataya zonse amafunabe kukhala ndi choti apereke, ndi choti alandire mwaulemu, osati choponyeredwa kuchokera pa lole. Sindingawaweruze. Koma ndinaphunzirapo kuti kamodzi kokha kulibe. Ubongo umene unazolowera nikotini umakhazikika ukasiya, koma njira imene unaphunzira sufafaniza. Ukangoilawitsa, umakumbukira zonse tsiku limodzi. Zaka zimene wakhala osadya sizikutetezera pa kutsina kumodziko.

Pali enanso amene amati asiya pomwe angosamukira ku ndudu, kapena ku timatumba ta nikotini ndi zosuta zamagetsi zimene zayamba kuoneka m'matauni. Mnyamata wina wa kabaza pa Nchalo anandiuza monyadira kuti fodya wa agogo anamusiya, tsopano amasuta wa m'paketi. Ndinamuuza kuti wangowonjezera mapapo pa mndandanda wa zovulala. Chingamu cha kuchipatala chili ndi tsiku lothera. Zinazi zinapangidwa kuti usathane nazo.

Choncho luso lalikulu limene ndaphunzira si la kupirira mutu, koma la kukana fodya osakana womupereka. Kwathu fodya ndi moni. Pamaliro adzukulu amapumira pa fodya, anthu ochezera pa siwa amadzutsana ndi fodya, ndipo akuluakulu pothira nsembe kwa makolo saiwala kafodya. Walowa mpaka m'miyambi: amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mkulu akakutambasulira kabotolo iwe n'kupukusa mutu, wanena zambiri zimene sunafune kunena. Mwina wati ndine wapamwamba tsopano. Mwina wati sindikukhulupirirani, mwathiramo kanthu. Kumudzi mawu achiwiriwa ndi mlandu wofika kwa nyakwawa.

Ndiye ine ndimatere. Ndimalandira kabotoloko ndi manja awiri, ndimawerama pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo mbuya, koma ine achipatala anandiletsa." Kenako ndimakapereka kwa wotsatira, osakatsegula. Mawu oti anandiletsa amagwira ntchito kuposa oti ndinasiya. Kusiya kumamveka ngati kudzikweza, ndipo wina amafuna akuyese ngati wasiyadi. Kuletsedwa aliyense amakumvetsa, poti pali oletsedwa shuga, oletsedwa mchere, oletsedwa nyama ya nkhumba. Palibe amakangana ndi choletsa. Ndipo sindipita pagulu chimanjamanja. M'thumba limene munkakhala kabotolo tsopano mumakhala mtedza wokazinga kapena masau. Kabotolo kakadutsa, ine ndimayendetsa zanga. Poyamba ankandiseka kuti ndasanduka mwana wa sukulu. Pano ena amayamba ndi kufunsa kuti mtedza uja uli kuti.

Pamadzi ndinabwererapo, ngakhale si kawirikawiri ngati kale. Usiku woyamba unali wovuta kuposa masiku onse a kudimba, poti chilichonse chinkandikumbutsa: fungo la matope, kulira kwa mvuu, kuzizira kwa m'bandakucha, nthawi ija ukonde uli m'madzi ndipo palibe chochita koma kudikira. Ndinanyamula tiyi m'fulasiki ndi mbatata yootcha, ndipo ndinasankha kupita ndi mnzanga wosadya fodya, wolongolola kwambiri. Nkhani zake zinali zabodza zambiri, koma sindinasinze. Ndinaona kuti malo aliwonse amene ndinkadyerapo fodya ndiyenera kuwafikanso ndili wopanda, kamodzi, kawiri, mpaka malowo atazolowera. Doko, msika wa Bangula, khonde la azakhali, maliro. Ena anandivuta kuposa ena. Khonde la azakhali ndilo linatenga nthawi yaitali, poti iwo sanamvetse chifukwa chimene mwana amene anamuchiza dzino akukanira mankhwala awo. Mpaka lero amapera, ndipo ndikafika amabisa kamwala kaja ndi nsalu, kaya pondilemekeza kaya pondinyoza.

Mowa nawo ndi mnzake wa fodya. Uchema ukalowa, mawu oti anandiletsa amayamba kumveka ngati nthabwala, ndipo dzanja limatambasuka lisanafunse mutu. Amene ndawaona akubwerera, kupatula alamu anga, ambiri anabwerera ali pa chipanda.

Chilakolako chimandipezabe, makamaka ndikakwiya kapena ndikamva uthenga woipa. Sichikhalanso champhamvu, koma sindichipeputsa. Alamu ndawauza kuti madzi akaphwa chaka chino, tikatsikira kudimba, malambe ndidzabweretsa ndine. Sanavomere, sanakane.

Inu a zaumoyo amene mumayenda m'midzi ya kwa Mlolo, kwa Mbenje, kwa Makhuwira ndi kwa Ngabu, funso lanu lisathere pa kusuta. Funsani kuti, "Kodi mumadya fodya? Nanga wapamphuno?" Funsani amayi, funsani agogo, ndipo muwatsegulitse pakamwa muone. Ndipo inu amene muli naye m'kamwa pamene mukuwerenga izi, tengani kalilole, kokani mlomo, yang'anani pamene mumamuika. Mukaona banga loyera kapena lofiira, kapena chilonda chimene chatha masabata awiri osapola, kapena ngati nsima yayamba kukakamira pakhosi, musadikire kuti chiyambe kupweteka. Pitani kuchipatala sabata yomwe ino.